Mateke wa ku Freetown ndi Agogo Anga

Titalandira ndondomeko ya maphunziro a chaka chachitatu n'kuona kuti muli phunziro la ziyankhulo za kumadzulo kwa Africa, ambirife tidang'ung'udza. Ine ndidali mmodzi mwa olongolola kwambiri. Ndinkati kodi Chiyoruba, Chihausa ndi Chifulani zindipindulira chiyani ine mwana wa ku Chikwawa, amene ngakhale ku Lusaka sindidapondeko? Aphunzitsi athu sadalimbane nafe. Adangotiuza kuti aliyense asankhe ntchito imodzi ya kafukufuku wa ziyankhulo za m'chigawocho, aiwerenge, ndipo adzayankhe mafunso atatu m'kalasi: adailemba ndani, mawuwo adawatenga kwa yani, ndipo adalembera yani. Mafunsowa ndidawayesa opepuka. Lero ndili m'chaka chomaliza koma funso lachitatulo likundisowetsabe mtendere.

Ndidasankha buku la Polyglotta Africana chifukwa cha ulesi. Ndidamva kuti mbali yaikulu ya bukulo ndi mindandanda ya mawu chabe, choncho ndidaganiza kuti sipakhala zambiri zowerenga. Adalilemba ndi Sigismund Koelle, mmishonale wa ku Germany amene ankaphunzitsa ku Fourah Bay, mumzinda wa Freetown ku Sierra Leone, ndipo lidasindikizidwa mu 1854. Dziko la Britain litaletsa malonda a akapolo mu 1807, zombo zake zankhondo zinkagwira zombo zonyamula akapolo panyanja, ndipo anthu ambiri owomboledwawo ankakawasiya ku Freetown. Motero mumzinda umodziwo mudadzaza anthu a mitundu yosiyanasiyana, aliyense ndi chiyankhulo chake. Koelle sadavutike ndi ulendo wozungulira Africa. Ankangoitana anthuwa mmodzimmodzi, n'kumawafunsa mawu ndi ziganizo pafupifupi 300, monga mayina a ziwalo za thupi, a nyama, a achibale ndi manambala. Potero adasonkhanitsa ziyankhulo zoposa 100.

Usiku wina ndikuyendetsa masamba a bukulo pa kompyuta ya mnzanga, maso anga adaima pa dzina lakuti Marawi. Ndidadzuka pampando. Mmodzi mwa anthu amene Koelle adawafunsa adali Mateke, ndipo chiyankhulo chake chidali chathu chomwechi, cha kayankhulidwe ka kummwera. Pamene ife timati zaka ziwiri, iye ankati dzaka dziwiri. Ndidawabwereza mawuwa kangapo mokweza mpaka mnzangayo adandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Zidali zovuta kumufotokozera. Ndidapita kumadzulo kwa Africa monyinyirika, ndipo ndidakapezako munthu wakwathu atakhala pansi, akuuza mzungu dzina la mutu, la dzanja ndi la madzi. Umodzi mwa mindandanda yakale kwambiri ya mawu a chiyankhulo chathu udalembedwa m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuchokera pakamwa pa munthu amene adachotsedwa kwawo ndi ukapolo.

M'kalasi timakonda kunena kuti masiku ano dziko lasanduka mudzi umodzi, ndipo tikatero timaganiza za intaneti, ndege ndi mafoni. Nkhani ya Mateke idandionetsa kuti mudzi umodziwu udayamba kale, ndipo ena adalowamo atamangidwa magoli. Malonda amene adamwaza anthu ndi omwenso adasonkhanitsa ziyankhulo zawo pamalo amodzi kuti katswiri azilembe. Sindikufuna kumunyoza Koelle. Adagwira ntchito mosamala, ndipo adalembanso mayina a omwe adawafunsa, kwawo ndi mbiri yawo mwachidule, chinthu chimene ofufuza ena saachita ngakhale lero. Kuyerekeza mawu kotereku ndi kumene kudatsegula njira yodziwira ubale wa ziyankhulo. Mu 1963 Joseph Greenberg adaika ziyankhulo za Bantu m'banja lalikulu la Niger-Congo, limene mulinso Chiyoruba, Chiigbo ndi Chifulani, ndipo adaonetsa kuti gwero la ziyankhulo za Bantu lili cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Kutanthauza kuti Chiyoruba ndi Chifulani zimene ndinkazikanazo ndi abale a Chichewa. Komabe pa funso lachitatu la aphunzitsi yankho lidali losabisika. Bukulo lidasindikizidwa ku London, m'Chingerezi, kuti aliwerenge akatswiri ndi amishonale a ku Ulaya.

Anzanga atayamba kufotokoza zimene adawerenga, ndidamva za anthu a mtundu wina. Wina adakamba za Samuel Ajayi Crowther, amene nayenso adawomboledwa m'chombo cha akapolo ali mnyamata n'kukasiyidwa ku Freetown. Iyeyu sadathere pa kufunsidwa mawu. Adaphunzira ku Fourah Bay, ndipo mu 1843 adatulutsa buku la mawu ndi malamulo a Chiyoruba, chiyankhulo chake chobadwa nacho. Wina adakamba za Solomana Kante wa ku Guinea. Iye adapsa mtima atawerenga zimene mtolankhani wina wa ku Lebanon adalemba zonyoza ziyankhulo za anthu akuda kuti zilibe malemba. Adayesa kulemba Chimaninka m'zilembo za Chiarabu ndi za Chilatini, koma sadakhutire ndi momwe zinkaonetsera kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mu 1949 adapanga zilembo zakezake zotchedwa N'Ko, mawu otanthauza kuti “ndikuti”. Mpaka pamene adamwalira mu 1987 adakhala akulemba mabuku a mbiri, a mankhwala ndi a chipembedzo m'zilembozo, ndipo anthu wamba ankaphunzitsana okha.

Nkhani imene idatichititsa manyazi tonse idali ya anyamata awiri apachibale a ku Guinea komweko, Ibrahima ndi Abdoulaye Barry. Bambo awo ankawerengera anthu makalata a Chifulani olembedwa m'zilembo za Chiarabu, ndipo anawo ankaona momwe owerenga ankavutikira chifukwa zilembozo zilibe maliwu ena a Chifulani. Mu 1989, wina ali ndi zaka 14 mnzake 10, adayamba kujambula zilembo zimene lero zimatchedwa Adlam. Ana a msinkhu wa ku pulayimale adachita ntchito yomwe ife timaiphunzira m'chaka chachiwiri, yopatula maliwu a chiyankhulo limodzilimodzi, ndipo adaichita pofuna kuti kalata ya munthu imveke kwa m'bale wake.

Mudzi umodzi wa lerowu ukuzitenga bwanji ziyankhulo zimenezi? Ndaona kuti umapatsa ndi dzanja limodzi n'kulanda ndi linzake. Zilembo za N'Ko zidalowa mu Unicode, ndondomeko yothandiza kuti zilembo zizioneka pa makompyuta ndi mafoni, mu 2006, ndipo za Adlam zidalowa mu 2016. Mfulani wokhala ku New York angathe tsopano kulembera mayi ake ku Guinea m'zilembo zawo. Koma foni yomweyo imazoloweretsa anthu kulemba mothamanga. M'Chiyoruba mawu olembedwa igba angatanthauze chikho, nthawi kapena nambala ya 200 malingana ndi kakwezedwe ka mawu, monga momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Kalembedwe ka Chiyoruba kali ndi zizindikiro zoonetsa kusiyanaku, koma ambiri polemba pa foni amazisiya. Chinanso n'chakuti zotsatira za kafukufuku wambiri zimatuluka m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, m'magazini a akatswiri amene eni chiyankhulo sawaona. Makina omasulira nawonso amafuna mawu ochuluka ochokera kwa eni ake. Mawu akupitabe kunja monga adapitira a Mateke, kungoti lero sakwera chombo.

Zonsezi ndikadangozilemba pamayeso n'kuziiwala pakadapanda tchuthi chathachi. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wokhudza mawu a ntchito youmba mbiya, amene akutha chifukwa zidebe ndi mabigiri a pulasitiki zalowa m'nyumba iliyonse. Ndidapita kwa agogo anga aakazi, amene aumba kuyambira utsikana wawo. Kwa masiku anayi ndidakhala nawo pakhonde, foni ili pamphasa ikujambula mawu, ine ndili ndi mndandanda wa mafunso m'manja. Adandiuza kusiyana kwa mtsuko, nkhali ndi mkhate, momwe amasankhira dongo, ndi chifukwa chake mbiya yosauma bwino imasweka pamoto. Tsiku lina ndidawafotokozera za Mateke ndi dzaka dziwiri zake. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, “Ameneyo ndi wathu. Adabwerako?” Ndisadapeze choyankha adaloza foni ija. “Nanga mawu angawa, mdzukulu wanga, ukupita nawo kuti?”

“Kusukulu, agogo. Ndikalemba buku la mayeso.”

“M'chiyankhulo chanji?”

“M'Chingerezi.”

“Ndiye kuti akamva ndi azungu ndi aphunzitsi akowo. Ana a pakhomo pano, amene sadziwa ngakhale kugwira dongo, adzamva liti?”

Adanena izi akuseka, manja ali m'dongo, koma ine sindidaseke. Ndidadziona nditakhala pampando wa Koelle, agogo anga ali pamalo a Mateke. Ndinkadziyesa wosiyana ndi mmishonale uja chifukwa khungu ndi chiyankhulo n'zimodzi ndi za wofunsidwayo. Koma mawu ankayenda njira yomweyo, kuchoka kumudzi kupita kutali, ndipo wopindula ndi digiri adali ine. Pafomu ya kafukufuku agogo adali “wofunsidwa nambala 1”. Koelle adachitako bwino, pakuti iye adalemba dzina la Mateke.

Sindinganame kuti ndapeza yankho lonse. Kafukufukuyu ndidzamulemba m'Chingerezi chifukwa malamulo a mayeso akutero, ndiponso ndikufuna kuti wophunzira wa ku Ibadan kapena ku Legon adzathe kuyerekeza mawu athu ndi akwawo, monga ine ndapindulira ndi ntchito za kwawoko. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ziyankhulo za m'banja limodzi sizingafufuzidwe aliyense atadzitsekera kwake. Koma kwa Crowther, Kante ndi anyamata a Barry ndaphunzira kuti mwini chiyankhulo ayenera kukhala woyamba kulandira zimene zapezeka.

Ndisadabwerere kusukulu ndidagula kope la masamba 80 pagolosale. Ndidalembamo mawu onse amene agogo adandiuza, tanthauzo lake m'Chichewa, ndi kafotokozedwe kawo momwe adayankhulira. Pachikuto ndidalemba dzina lawo lonse ndi la mudzi wathu, atandilola. Madzulo ake msuweni wanga wa Sitandade 7 adawawerengera mokweza ana ena atazungulira. Agogo adamuimitsa kawiri. Poyamba adati ndasokoneza nkhali ndi mphika waukulu wa ndiwo. Kachiwiri adati ndaiwala kulemba kuti dongo la kudambo la kumunsi silifuna kuthira mchenga. Ndidakonza zonsezo m'kopemo ndiponso m'zolemba zanga za kusukulu, ndipo zolakwa ziwirizi zikadapita kwa aphunzitsi popanda wozizindikira. Kopelo lidatsala kumudzi, m'chitini momwe agogo amasungamo chiphaso chawo cha kuchipatala. Msuweni wanga wandiuza pa foni kuti awonjezeramo mawu ena 11 amene ine sindidawafunse.