Tsiku limodzi ku Tradeston, kubanki kopanda mzere

Nthawi ikuthamangira 8 koloko m'mawa, kamvula ka ku Glasgow kakuwaza, ndipo khamu lotsika sitima pa siteshoni ya Central likuwoloka mtsinje wa Clyde kulowera ku Tradeston. Ambiri ndi achinyamata, zikwama za laputopu kumsana, ziphaso lendelende m'khosi. Wa tayi ungachite kumusaka.

Banki ya Barclays inatsegula maofesi ake ku Tradeston mu 2021, kudera komwe kunali kutasanduka mabwinja, ndipo amalowa anthu pafupifupi 5,000. Ambiri amalemba mapulogalamu a pakompyuta ndi kutchingira mbava za pa intaneti. Kutsidya, mu Argyle Street, banki ya JPMorgan inatsegula ake mu 2024. Dzina la Barclays si lachilendo kwathu, pajatu National Bank of Malawi inabadwa mu 1971 ataphatikiza nthambi zake ndi za Standard Bank. Koma kuno musayembekezere mzere wa pakutha pa mwezi.

Amene anandigwira mtima ndi bambo wina wogulitsa tiyi ndi mabanzi chakufupi ndi siteshoni ya Bridge Street. Banzi amaling'amba ndi mpeni kamodzi, batala pang'ono, kenaka soseji yamakona anayi yochokera pachiwaya, yotentha moti kapepala kokulungira kamanyowa mafuta. Achinyamata aja salankhula zambiri. Amangogunditsa foni pakamakina, kamvekere tii, basi apita. Kenaka panafika agogo ena aakazi, n'kukhuthulira makobidi pathebulo. Anayamba kuwerenga imodziimodzi, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Akumbuyo ankangoyang'ana mawotchi. Bamboyo sanawafulumizitse. Anawafunsa za bondo lawo, iwo n'kuyankha za nthambi ya banki ya kwawo yomwe inatsekedwa, kuti tsopano kukaonana ndi munthu wa banki mpaka akwere basi. Ine tiyi wanga anazizirira pomwepo.

Masana palibe chonena. Anthu amatuluka, kudya, kubwerera.

M'nyengo yachisanu mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Khamu limawolokanso mtsinje, osesa m'maofesi n'kumalowa, ena otsala akuyang'anira makompyuta chifukwa ndalama zimayenda ndi usiku womwe. Ntchito zabwera, malipiro ake ngabwino, ndipo Tradeston wadzuka, zimenezo sindikana. Chondinyansa n'chakuti mabanki a ku Britain akulemba akatswiriwa uku akutseka nthambi m'matauni.

Inu a mabanki akwathu a mu Victoria Avenue, mukamadzatengera zimenezi, kauntala mudzaisiye yotsegula.