Dzanja lozolowera cholembera

Nditapuma ntchito m'boma ndinazindikira kuti zaka zonsezo dzanja langa linkadziwa cholembera chokha. Chitseko cha kabati ya mayi a kunyumba chinalendewera miyezi isanu, ine ndikungolonjeza.

Choncho ndinatapa pa penshoni n'kugula bokosi la zida zopanda nthambo: chobowolera, chomangira masikuluwu, chaja ndi mabatire awiri a 18V. Mwana wanga wa ku Johannesburg anandichenjeza kuti, "Bambo, chimene mukugula kwenikweni ndi batire, pakuti la kampani ina sililowa m'chida cha kampani inzake." Ananena zoona. Ndipo awiriwo ngofunikadi: lina likamagwira ntchito, linzake likhale pa chaja magetsi asanathime.

Tsiku loyamba ndinang'amba thabwa. Ndinakankha sikuluwu ndi mphamvu yonse ndisanabowole kabowo kakang'ono koitsogolera, osatembenuzanso kamphete ka manambala ka pa chobowolera, kamene kamachepetsa mphamvuyo. Mayi anangoyang'ana osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa mtengo wa bokosilo.

Ndinapita kwa kalipentala wa pamsika, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wanga, kukamupempha kuti andiphunzitse. Chitseko chija tsopano chikutsekeka. Loweruka ndiyamba mabenchi ogwedera a Sande Sukulu.