Pogona ntchito ndi pa pinentry

Pali anyamata ena okonza makompyuta amene kasitomala akawafunsa posungira mapasiwedi amangoti, "Browser ikusungirani, bwana," n'kulandira ndalama. Zimandipsetsa mtima. Ine ndimakonzera maofesi ang'onoang'ono makompyuta a Linux, ndipo pa mapasiwedi ndimaika pass, pulogalamu imene analemba Jason Donenfeld. Pasiwedi iliyonse imakhala fayilo payokha, yokhomedwa ndi GPG. Pamwamba pake ndimaikapo passmenu, ka script ka mizere yowerengeka kamene kamandandalika mayina a mafayilowo mu dmenu, menyu yotuluka pamwamba pa sikirini. Munthu adina mabatani awiri, alemba zilembo zoyamba za dzina, pasiwedi yalowa mu clipboard, ndipo pakatha masekondi 45 yafufutika yokha.

Kuika zimenezi aliyense angathe. Chovuta ndi pinentry, kazenera kofunsa mawu otsekulira kiyi ya GPG. Ukayesa pa terminal zonse zimayenda bwino. Koma passmenu ikaitanidwa ndi batani sikhala ndi terminal, ndiye ngati gpg-agent, woyang'anira kiyiyo, akuitana pinentry-curses, yomwe ndi ya pa terminal, kazenerako kamasowa poonekera. Palibe uthenga, palibe pasiwedi, zii! Uyenera kutsekula gpg-agent.conf n'kulozera ku pinentry ya GTK kapena ya Qt, kenako kumudzutsanso gpg-agent. Mu fayilo yomweyo ndi mmene umasankhira nthawi yoti kiyi ikhale yotsekuka. Ukapanda kusintha ndi masekondi 600, ndipo mu ofesi yolowa anthu ambiri ndimachepetsa.

Anandiphunzitsa izi ndi bambo wina wachikulire woyang'anira maseva, munthu wosakonda mouse. Sankandikonzera kanthu. Ankaima kumbuyo kwanga, tiyi ali m'manja, n'kumati, "Werenga script yonseyo, mwanawe, ndi yaifupi." Ndiwo anandionetsa chimene menyu imatulukira msanga: mayina a mafayilo sakhomedwa, chokhomedwa ndi zam'kati zokha. Ndiye ankandiletsa kulemba nambala ya akaunti ya munthu pa dzina la fayilo. Anandionetsanso kuti ukauza passmenu kuti izilemba yokha pasiwedi kudzera mu pulogalamu ya xdotool, uyambe wayesa pasiwedi yokhala ndi @, chifukwa pa kiyibodi ya UK chizindikirochi sichili pomwe chili pa ya US.

Makasitomala zonsezi saziona. Amaona kamzere kopyapyala pamwamba pa sikirini n'kuyamba kunenerera mtengo, ati ndangodinadina. Chonsecho mumtengomo muli kupanga kiyi, kuikopera pa fulashi yosungidwa kwina, ndi kukhala nawo pansi mpaka ataloweza mawu otsekulira. Akataya kiyiyo, ngakhale ine sindingawatsekulire fayilo ndi imodzi yomwe.