Za Makina Akale Ogulitsa Tiyi

Abale anga a kumudzi, inu amene mumawerenga kalata iyi madzulo pa khonde ana atakuzungulirani, ndifuna kukusimbirani za chinthu chimene ambiri a inu simunachione ndi maso, ndicho makina ogulitsa tiyi popanda munthu wogulitsa. Ali ngati kabati yachitsulo, msinkhu wake ngati wa mwamuna wamkulu, ndipo patsogolo pake pali kachiboo koponyera ndalama, mabatani angapo, ndi kazenera pamene kapu imatulukira. Munthu aponya ndalama, akanikiza batani, tsono kapu igwa yokha, madzi otentha natsikiramo pamodzi ndi tiyi, shuga ndi mkaka. Palibe wokupatsa moni, palibenso woti umthokoze. Kuno ku England, kumene ndikhala ndi banja langa pa nchito ya magetsi, makina otere ali m'mafakitale, m'zipatala ndi pa masiteshoni a sitima.

Nzeru imeneyi si ya lero ai. Mwamuna wina wophunzira, dzina lake Hero, wa mu mzinda wa Alexandria m'dziko la Egypt, amene anali ndi moyo m'zaka zomwezo zimene Atumwi anali kulalika Mthenga Wabwino, analemba za chotengera cha madzi choika m'kachisi wa milungu yachikunja. Ndalama ikagwa m'kati inkatera pa kambale, kambaleko nkupendeka ndi kukweza chotsekera, madzi osamba natuluka kufikira ndalamayo itatsetsereka. Ife tiyamike kuti madzi odalitsa a pa khomo la tchalitchi sagulidwa ndi kobiri. Koma makina a chakumwa chotentha anachedwa kubwera: munali m'chaka cha 1947 pamene amuna awiri, Lloyd Rudd ndi Cyrus Melikian, anayamba kugulitsa makina a khofi mu mzinda wa Philadelphia ku America, nawatcha Kwik Kafe.

Mwina mufunsa kuti, kodi munthu wa banja chinthu chotere achitenji nacho? Tamverani. Mwezi wa December kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kunja kumazizira kotero kuti ana sangathe kusewera pa bwalo monga achitira kwathu pa mwezi. Anyamata amakopeka ndi nyumba za masewera za m'tauni, zimene amati arcade, ndipo m'nyumba zina zotere muli makina a juga. Ine pofuna kuti ana anga asewere pamene maso anga afika, ndinasesa garaja ndi kuikamo makina awiri akale a masewera: ena a Space Invaders, masewera amene kampani ya Taito ya ku Japan inatulutsa m'chaka cha 1978, ndi ena a tebulo la kampira kachitsulo lotchedwa pinball. Posachedwa ana a mabanja ena a kwathu anayamba kubwera Lamulungu itatha Misa, ndipo ketulo ya amai a ana inaleka kuzizira. Chifukwa chake, nditamva kuti fakitale ina yotsekedwa iri kutaya makina ake akale a tiyi, ndinapempha anzanga atatu, tinakawanyamula.

Titatsegula chitseko chake, pfungo lokha linatibweza m'mbuyo. Shuga wotsala m'chitini anali atauma gwa ngati mwala, makoswe anali atamanga chisa m'munsi, ndipo timapaipi ta labala tinkathyoka m'manja ngati mapesi ouma. Amai a ana anasuzumira kamodzi nati, "Zimenezo zisalowe m'khichini mwanga." Sindinawatsutse ai.

Nchito yoyamba sinali ya tiyi, koma ya kuteteza moyo. M'makina amenewa madzi ndi magetsi zimakhala moyandikana m'nyumba imodzi yachitsulo, ndipo magetsi a m'nyumba za kuno ndi a mavoti 230. Waya akanyenyeka nakhudza chitsulo, mwana wogwira batani ndiye asanduka njira ya magetsiwo. Tsono ndinachotsa mawaya onse ofumbwa, ndinaika atsopano, ndipo koposa zonse ndinayesa waya uja amisiri amati earth, amene amatenga magetsi osokera ndi kuwapititsa pansi. Inu anyamata okonda kumasula wailesi za atate anu, nchito yotere musaiyese popanda mmisiri wodziwa.

Pambuyo pake ndinafika pa thanki yowiritsira madzi. Madzi a kumwera kwa England amatuluka m'nthaka ya choko, ndipo akawira amasiya njereza yoyera m'chotengera. M'thanki iyi njereza inali itakuta chitsulo chotenthetsera madzi mpaka chinapsya, pakuti kutentha kunalibe potulukira. Njereza yotere sipalidwa ndi mpeni, ungaboole thanki. Imasungunuka ndi madzi owawasa. Ndinagwiritsa nchito ufa umene amati citric acid, ndiwo mphamvu yomweyo imene iri m'mandimu, ndipo ndinatsuka katatu, madziwo akuchita thobvu ngati mowa wofuka, kufikira chitsulo chinaoneka. Ndinaika chotenthetsera chatsopano, ndi kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akatentha pafupi kuwira, pakuti makina awa safuna madzi obwata ai. Timapaipi tonse ndinasintha, ndinaika ta mtundu wololedwa pa zakudya.

Koma chimene chinandigwira mtima ndicho mutu wa makinawo. Mulibe kompyuta m'menemo. Muli kamota kamodzi kamene kamazunguza mpini pang'onopang'ono, ndipo pa mpinipo pali timagudumu tokhala ndi mphako m'mbali. Kagudumu kali konse kamakankha switchi yake pa nthawi yake: koyamba kagwetsa kapu, kachiwiri kayendetsa waya wopota umene umakankha ufa wa tiyi kuchokera m'chitini, kena katsegula madzi, kena kayendetsa kophikira kosakaniza. Mpini ukazungulira kamodzi kapu yadzaza, ndipo zonse ziima. Ndinaitana mwana wanga wamwamuna, tinazunguza mpiniwo ndi dzanja magetsi atazimitsidwa, tikumva timaswitchi tikuti thi, thi, thi, motsatana ngati mikanda ya kolona. Amene anapanga chinthu ichi anachipanga kuti munthu wokhala ndi sikuludiraiva ndi maso abwino athe kuchikonza. Makina ambiri a masiku ano akafa, mmisiri amangochotsa bolodi lonse nataya, osadziwa chimene chinadwala. Ine m'menemo sindionamo kupita patsogolo kweni kweni.

Ukafuna shuga wambiri, umakulitsa mphako ya kagudumu kake kuti waya wopota uja uzungulire nthawi yotalikirapo. Monga tinawapeza, makinawo anali kuthira shuga wa Azungu, wongonunkhiza. Amai a ana analawa, nakwinya nkhope, ndipo ndinasuntha kagudumuko mpaka anagwedeza mutu. Tiyi wake ndi wa ufa wosungunuka, ndipo munthu amene anamwa tiyi wa masamba a ku Mulanje kapena ku Thyolo sanganyengedwe naye. Koko ndiye amakoma ndithu.

Tsono panatsala bvuto la ndalama. Akuluakulu mukumbukira kuti m'chaka cha 1971 kwathu tinasiya mapaundi ndi masheleni ndi kuyamba makwacha ndi matambala. Chaka chomwecho, pa 15 February, nawo a kuno anasiya masheleni. Ndalama yao ya 10p ya masiku amenewo inali yaikulu, yolingana ndi ndalama yakale ya masheleni awiri, ndipo makina athu anapangidwira imeneyo. M'chaka cha 1992 boma linatulutsa 10p yaing'ono, ndipo mu 1993 yaikulu ija inaleka kugula kanthu. Cholandirira ndalama cha m'makinamo chimayesa kukula kwa ndalama ndi kulemera kwake, ndipo chimaipititsa pafupi ndi maginito kuti chizindikire chitsulo chonyenga. Ndalama ya lero chimailavula pomwepo. Njira yapafupi inali kulumikiza mawaya awiri kuti tiyi azituluka ulere.

Pamenepa m'nyumba munabuka mlandu. Mnyamata anati, "Atate, mukachotsa ndalama, makinawa asanduka ketulo chabe. Chokoma chake ndi kumva ndalama ikugwa." Amake anayankha nati, "Bambo a ana, pakhomo panga mlendo alipire tiyi? Mlendo ndi mame. Amai akamva kumudzi adzati tinaoloka nyanja kukataya ulemu." Masiku angapo nkhaniyo inakhala pa mphasa, ndipo ine ndinaona kuti onse awiri anali kunena zoona, koma mau a amai ndiwo anali olemera.

Amene anandithandiza kuona kulemera kwake ndi nkhalamba ina yachizungu, mnansi wathu, imene inagwira nchito m'fakitale kuyambira ubwana. Inandiuza kuti kale, nthawi ya kupuma ikakwana, mai wina ankayenda ndi ngolo ya tiyi pakati pa anchito, wodziwa dzina la munthu ali yense, shuga amene amamwa, ndi mwana wa yani ali kudwala. Pambuyo pake eni nchito anaona kuti makina safuna malipiro, ndipo amai otere anachotsedwa m'mafakitale ambiri, m'malo mwao mukuima makabati onga athuwa. Tiyi sanasowe, koma munthu wofunsa kuti mwadzuka bwanji ndiye anasowa. Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti chimene amai a ana anali kukana si ndalama yokha ai, koma kuti mlendo amwe m'nyumba mwao popanda dzanja la mwini nyumba kumpatsa kanthu. Ndipo kulumikiza mawaya aja sikukadachiza bvuto limenelo: mlendo akadangodzitengera yekha monga achitira pa siteshoni.

Tinagwirizana chotere. Ndinatsuka cholandirira ndalama, ndinachibwezera monga chinaliri, ndipo kwa anthu osunga ndalama zakale ndinagula ma 10p akuluakulu okwana 40, amene sitolo iri yonse lero ingakane. Amakhala m'mbale ya dothi imene tinachokera nayo kwathu. Mlendo akalowa m'garaja, mwana wathu wamkazi wamng'ono ampatsa moni m'chinenero chathu, atenga ndalama imodzi m'mbalemo, naipereka ndi manja awiri. Mlendo athokoza, ndipo pamenepo yekha apita kukaponya. Mnyamata amamva kugwa kwa ndalama kumene anafuna, amake saona munthu akupisa m'thumba. Mnansi wathu uja, atapatsidwa yake, anaitembenuza m'dzanja nthawi yaitali asanaponye.

Akuluakulu sitiwatuma kwa makina. Bambo Mfumu akabwera kudzayendera banja, kapena akristu a mphakati akasonkhana kwathu pa kolona, tiyi wao amaphikidwa m'poto ndi masamba, nathiridwa ndi amai eni ake pa tebulo. Makina ndi a ana ndi a iwo ofuna kuona chodabwitsa.

Loweruka liri lonse mnyamata amatsegula bokosi, abwezera ndalama m'mbale, ndipo amamasula timbale tosakanizira ndi kutitsuka ndi madzi otentha, pakuti ufa wa mkaka ukanyowa nukhalitsa umabvunda ndi kudwalitsa m'mimba. Akapanda kutsuka, Lamulungu makina sayatsidwa, ndipo anzake amadziwa amene walakwa. Batani la supu likadali lakufa, chifukwa kavalo kake kotsegulira madzi sikapezeka m'sitolo ndipo ndikadafunsabe kwa amisiri akale. Batani la koko nalo limapuma masiku 46 pa chaka: pa Lachitatu la Phulusa amai a ana amamatapo kapepala, ndipo amakachotsa eni ake tikabwera ku Misa ya usiku wa Pasaka.