Jakisoni wa pathako amene ankagwetsa chibayo

Amene anakula m'zaka za m'ma 1960 amamukumbukabe jakisoni wa penisilini. Anali wowawa, munthu ankachoka pachipatala akutsimphina, koma pakangopita masiku awiri kapena atatu thupi linkazizira, chibayo n'kutha. Chinzonono nachonso sichinkalimba. Mankhwala otsika mtengo chotero ankapulumutsa anthu, ndipo palibe ankaganiza kuti tsiku lina adzalephera.

Mphamvu yake inali pa khoma. Bakiteriya amakhala m'kati mwa khoma lolimba, lomwe amalimanga mosalekeza akamakula ndi kugawikana. Amisiri ake ndi maenzayimu otchedwa PBP, amene amalumikiza zidutswa za khomalo. Penisilini amafanana ndi chidutswa chimene mmisiri amayembekezera. Mmisiriyo akangomugwira, penisilini amakanirira m'manja mwake osachokamo. Ntchito imaima, khoma limang'ambika, madzi amalowa, kachilombo n'kuphulika. Maselo a munthu alibe khoma lotere, n'chifukwa chake jakisoniyo ankapha tizilombo osawononga wodwala.

Chenjezo linabwera msanga. Mu 1940, penisilini asanafike n'komwe m'zipatala, Edward Abraham ndi Ernst Chain a ku Oxford anapeza enzayimu ya bakiteriya yomwe imadula mankhwalawa asanafike pakhoma. Kenako kunabwera methicillin, wopangidwa dala kuti asadulidwe, koma pofika 1961 ku England anapeza kale bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus wosamva mankhwalawo. Uyu anali ndi PBP ina yachilendo, PBP2a, imene methicillin amalephera kuigwira bwino. Tizilombo ta chibayo tinachita zochenjera kwambiri: tinatola zidutswa za majini kwa abale awo okhala m'kamwa mwa munthu, n'kusintha nazo maonekedwe a ma PBP awo. Mu 1977 ku South Africa madokotala anakumana ndi mitundu ya tizilomboti yosamva mankhwala angapo nthawi imodzi.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi manambala ake. Kafukufuku wa magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 11.8 peresenti mu 2003 kufika pa 90.5 mu 2016. Klebsiella ndi kachilombo kamene kamagwira makanda ongobadwa kumene. Zimandipweteka mtima kuona makapisozi a amoxicillin, m'bale wa penisilini, akugulitsidwa awiri awiri paokala kwa munthu wa chimfine wamba, matenda a vairasi yomwe ilibe khoma loti mankhwalawo n'kuligwetsa. Amene amaphunzirapo ndi mabakiteriya a m'matumbo mwake.

Lero penisilini sagwiranso ntchito pa chinzonono, ndipo namwino wa kuwodi ya makanda nthawi zina amabaya mankhwala akudziwa kuti mwina sathandiza, chifukwa amphamvu kuposa amenewo ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Chindoko ndi matenda ena ochepa okha ndiwo amagonjabe ku jakisoni yemwe uja wa pathako.