Matenda Akaleka Okha

Ife tili ndi chizoloŵezi chothokoza msanga matenda akaleka okha. Agogo akapotoka pakamwa m'maŵa, dzanja nkulefuka, lilime nkulemera, koma pofika masana ali bwino, timati chinali chizungulire chabe, nitibwerera kumunda. Komatu kuchira kotere madokotala amakuopa, pakuti kaŵirikaŵiri kumakhala kalambulabwalo wa sitiroko, nthenda ija yopha ziŵalo.

M'khosi mwathu muli mitsempha iŵiri ikuluikulu, wina kumanzere wina kumanja, yopititsa magazi ku ubongo. Chifukwa cha ukalamba, fodya, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, mafuta amaunjikana m'menemo monga matope m'ngalande, njira nichepa. Kachidutswa kakanyotsoka, kamakatseka kamtsempha ka mu ubongo kapena ka m'diso. Nchifukwa chake ena amaona mdima diso limodzi kwa kamphindi.

Kuunika khosi sikuŵaŵa, ndipo makina ake ngofanana ndi aja ounikira amayi oyembekezera. Amayesa liŵiro la magazi, potsata mfundo imene Christian Doppler anailongosola mu 1842. Paja mtsinje umathamanga pamene wapanikizika. Magazi nawonso amatero.

Sitikunena kuti banja lonse likafole kuchipatala. Mu 2021 bungwe lolangiza za kapewedwe ka matenda ku United States linati asamaunike anthu wamba amene sanaonepo chizindikiro, popeza opaleshoni yopala mtsemphawo nayonso nthaŵi zina imadzetsa sitiroko. Ndiponso khosi likapezeka labwino, mankhwala a kuthamanga kwa magazi asalekedwe ayi. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza nthendayi mwa munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse m'Malaŵi.

Koma kwa amene waonapo chizindikiro nkhani njina. Mu 1991 kafukufuku wa NASCET, ku United States ndi Canada, anatsata odwala otere amene mtsempha wao unatsekeka ndi magawo 70 pa 100 kapena kuposa. Mwa ongomwa mankhwala, 26 pa 100 anagwidwa ndi sitiroko m'zaka ziŵiri. Mwa ochitidwa opaleshoni, 9 okha. Phindu lake limakula opaleshoniyo ikachitika masabata aŵiri asanathe.

Inu achinyamata, amene mumakhala pafupi ndi agogo, pitani nao kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akukana. Mukauze adokotala mbali imene inalefuka, nthaŵi imene zinayamba ndi imene zinaleka, ndipo mufunse ngati khosi liyenera kuunikidwa.