Makwerero Asanu a Munthu Amene Analeka Kuuluka

Satifiketiyo inaperekedwa Lachiwiri lina madzulo, m'kanyumba ka pambali pa bwalo laling'ono la ndege kumadzulo kwa Pennsylvania, m'dziko la America. Anyamata ndi atsikana ovala yunifolomu ya buluu anaima njo m'mizere, mkulu wa chigawo anawerenga mawu ochepa, ndipo bambo wa imvi, wazaka zopitirira 60, anatuluka pamzere n'kulandira pepala lake ndi manja awiri. Mwambo wonse sunathe mphindi khumi. Achinyamatawo atabwerera ku phunziro lawo la mapu, wolandira mphoto uja anatsala akupinda mipando monga ankachitira sabata iliyonse. Pepalalo linali umboni woti wamaliza gawo lachisanu, lomwe ndi lomaliza, la maphunziro a akuluakulu m'bungwe la Civil Air Patrol. Linamutengera zaka zoposa 20, ndipo theka la zakazo anali asakuyendetsanso ndege.

Bungweli ndi la anthu wamba odzipereka amene amathandiza gulu lankhondo la m'mlengalenga la America. Linakhazikitsidwa pa 1 December 1941, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Japan iphulitse Pearl Harbor. Amene analimbikira kwambiri ganizoli anali Gill Robb Wilson, mkulu woona za ndege m'chigawo cha New Jersey, yemwe ankaopa kuti nkhondo ikabuka ndege zonse za anthu wamba zidzaletsedwa kuuluka, pamene zikanatha kutumikira dziko. Mu 1942 ndi 1943 eni tindege tating'ono ankauluka pamwamba pa nyanja ya Atlantic kusakasaka sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi, zimene zinkamiza zombo pafupi ndi gombe. Mamembala oposa 60 anafera pa ntchito zosiyanasiyana za nthawi ya nkhondoyo. Mu 1948 nyumba ya malamulo inavomereza bungweli kukhala mthandizi wa gulu lankhondo la m'mlengalenga, ndipo likulu lake lili ku Maxwell Air Force Base, m'chigawo cha Alabama. Ntchito zake ndi zitatu: kuthandiza pa ngozi, kuphunzitsa achinyamata, ndi kufalitsa maphunziro a zouluka. Palibe membala wodzipereka amene amalandira malipiro. M'malo mwake aliyense amasonkha ndalama ya umembala chaka ndi chaka, ndipo akuluakulu amadzigulira okha yunifolomu.

Bamboyu sanalowe m'bungwemo chifukwa cha mbiri imeneyi. Anali makaniko wa mathalakitala amene anasunga ndalama kwa zaka zambiri kuti apeze chiphaso choyendetsera ndege, ndipo kuuluka kunali kokwera mtengo kuposa thumba lake. Pa 11 September 2001 imodzi mwa ndege zinayi zolandidwa ndi zigawenga inagwa m'munda pafupi ndi Shanksville, m'chigawo chake chomwecho. Mlengalenga munati zii kwa masiku angapo. Pambuyo pake anamva kuti tsiku lotsatira, pa 12 September, kandege ka Cessna ka bungweli kanaloledwa kuzungulira pamwamba pa mabwinja a World Trade Center ku New York kukajambula zithunzi zothandiza boma. Nkhaniyo inamukhudza, koma mumtima mwake ankadziwa kuti zifukwa zake zinali ziwiri zosakanikirana: ankafuna kuthandiza, komanso ankafuna kuuluka ndi mafuta olipiridwa ndi ena. Pa ziwirizi, chachiwiri ndicho chinali ndi mphamvu.

Zaka zoyambirira zinali zokoma. Ndege yosakira imanyamula anthu atatu: woyendetsa, wina wokhala kudzanja lamanja amene amagwira wailesi ndi mapu, ndi wachitatu kumbuyo amene ntchito yake ndi kupenyetsetsa pansi. Amauluka motsika ndi mwapang'onopang'ono, m'mizere yoyezedwa ngati ya m'munda, pamwamba pa nkhalango za mapiri a Appalachian momwe mitengo imatha kumeza ndege yathunthu osasiya chizindikiro. Nthawi zambiri phokoso la kachipangizo kolengeza ngozi limene ankalilondola usiku wonse linkapezeka kuti likuchokera m'ndege yoimikidwa bwinobwino pabwalo, yomwe mwini wake anatera mwamphamvu n'kupita kukagona. Kamodzi anapeza zimene ankafuna, koma mochedwa, moti chimene akanatha kuchita chinali kungouza apansi malo oti akatenge matupi. Ngakhale zinali choncho, mpando wa kumanzere unali wake, ndipo maphunziro a m'kalasi ankawaona ngati msonkho umene munthu amapereka monyinyirika kuti asalandidwe mpandowo.

Maphunzirowo ali ndi makwerero asanu. Loyamba ndi la mlendo: mbiri ya bungwe, malamulo ake, chitetezo, ndi kasamalidwe ka ana kuti asachitiridwe nkhanza. Kuyambira lachiwiri, membala amasankha luso limodzi la mu ofesi, monga zachuma, katundu, mawailesi kapena chitetezo, ndipo amakwera nalo kuchoka pa wophunzira kufika pa katswiri. Khwerero lililonse kuyambira pamenepo lili ndi mphoto yotchedwa dzina la munthu. Lachiwiri ndi la Benjamin O. Davis Jr., mtsogoleri wa oyendetsa ndege akuda a ku Tuskegee, amene anadzakhala mkulu wankhondo woyamba wachikuda pa udindo wa jenerale m'gulu lankhondo la m'mlengalenga. Lachitatu ndi la Grover Loening, injiniya amene anagwirapo ntchito ndi Orville Wright. Lachinayi ndi la Paul E. Garber, amene anathera moyo wake kusonkhanitsa ndege zakale m'nyumba yosungiramo mbiri ya Smithsonian. Lachisanu ndi la Gill Robb Wilson mwini wake. Pa makwerero onsewa palibe limene limafunsa kuti munthu wauluka maola angati. Bamboyu anachedwa kuzindikira tanthauzo la chimenechi.

Anali pakati pa khwerero lachiwiri ndi lachitatu pamene mtima wake unayamba kuvuta. Anagona m'chipatala masiku ochepa, nachira, nabwerera ku mathalakitala ake, koma dokotala woyeza oyendetsa ndege sanamusayinirenso pepala la zaumoyo. Lachiwiri loyamba atamva zimenezi anafika pabwalo, nakhala m'galimoto akuyang'ana magetsi a kanyumba kaja, kenako analiza injini n'kubwerera kwawo. Anachita zomwezo milungu itatu. Mkazi wake, amene kwa zaka zambiri anadya yekha chakudya chamadzulo cha Lachiwiri ndi kugona yekha Loweruka lambiri, akanatha kukondwera. Koma anamuona mmene ankazungulira m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira, ndipo tsiku lina anati, "Kodi inu, anthu aja munkawafunira ndege yokha? Ngati ndi choncho lembani kalata muwatsanzike, tione zina. Koma ngati pali china, lowani m'nyumbamo. Galimoto si malo ochezera."

Analowa, osati chifukwa anali ndi yankho, koma chifukwa cha manyazi. Nthambi yawo inalibe woyang'anira katundu, ndipo anamupatsa makiyi a kabati ndi buku la ziwerengero. Kumeneko, pakati pa mawailesi opanda mabatire ndi mahema onunkha chinyontho, ndi kumene anayamba kuona chinthu chimene sankachiona ali m'mwamba. Kuti ndege imodzi inyamuke pakati pa usiku, pamafunika wina amene anaonetsetsa kuti yakonzedwa pa nthawi yake, wina amene analemba bwino ndalama za mafuta, wina wokhala pa wailesi, wina wovomereza ulendowo atayang'ana nyengo ndi kutopa kwa woyendetsa, ndi gulu la apansi lodziwa kuyenda m'nkhalango ndi kampasi. Kwa zaka zonse zija iye ankangofika n'kupeza zonse zili m'malo, ngati mwana amene amaganiza kuti chakudya chimamera m'mbale. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma amene ali pamwamba pa denga sachedwa kuiwala mitu imene yamunyamula.

Kuyambira pamenepo maphunziro analeka kukhala msonkho. Khwerero lachitatu linamuphunzitsa mmene nthambi yaing'ono imalumikizirana ndi chigawo chonse, pakuti bungweli lili ndi zigawo 52, chimodzi pa lililonse la maboma 50 a dzikolo, kuphatikizapo cha likulu la dziko ndi cha Puerto Rico. Lachinayi linamutengera ku sukulu ya sabata yathunthu, kumene makaniko, maloya, anamwino ndi asilikali opuma ankakhala pa tebulo limodzi kulemba, kulankhula pagulu ndi kutsutsana za utsogoleri. Phunziro lovuta koposa silinali m'buku. Msilikali amamvera lamulo chifukwa analumbira ndipo amalipidwa. Munthu wodzipereka akakhumudwa amangovula yunifolomu n'kukhala pakhomo pake. Mtsogoleri wa anthu otere alibe chikwapu, alibenso thumba la ndalama. Bamboyu anaphunzira zimenezi atataya mnyamata wina waluso pa mawailesi, amene anamudzudzula pamaso pa anzake chifukwa cha fomu yolembedwa molakwika. Mnyamatayo sanayankhe, ndipo sanabwerenso. Kwa nthawi yaitali dzina lake linatsala pa mndandanda wa pakhoma, ndipo bamboyu sanalole kuti wina alifufute.

Khwerero lachisanu linali ndi loto lake. Kwa zaka zambiri njira yolifikira inkadutsa pa National Staff College, sukulu ya sabata imodzi imene kawirikawiri inkachitikira ku Maxwell komweko, ndipo iye, amene anali asanapondeko ku Alabama, ankasunga masiku a tchuthi ndi ndalama za ulendowo. Anauzengereza kawiri, koyamba chifukwa cha ukwati wa mwana wake, kachiwiri chifukwa cha matenda a apongozi ake. Kenako mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, bungweli linasintha dongosolo lonse la maphunziro a akuluakulu. Sukulu zakale zija zinalowedwa m'malo ndi timaphunziro tambiri tating'onoting'ono pansi pa dzina loti Volunteer University, ndipo tambiri mwa ito munthu amatha kuchita pa intaneti. Motero khwerero limene ankaliona m'maganizo ngati holo yaikulu ya ku likulu analikwerera pa tebulo la m'khitchini, magalasi ali pamphuno, akulankhula ndi nkhope zazing'ono za pa kompyuta za anthu a ku Texas ndi ku Oregon. Zinamupweteka, ndipo sanabise. Koma anaonanso kuti m'kalasi mwake munali mayi wina wolera ana yekha amene sakanatha konse kusiya nyumba sabata yathunthu, ndipo madandaulo ake anachepa.

Zimene gawo lomalizali limafuna n'zosiyana ndi za m'munsi. Wophunzira amayembekezeka kuganizira bungwe lonse, osati nthambi yake yokha: mmene ndalama za boma zimagwiritsidwira ntchito, mmene ubale ndi gulu lankhondo umasungidwira, ndi mmene bungwe lingakonzekere zaka zimene iye sadzakhalapo. Amayembekezekanso kuphunzitsa ena ndi kulera wina wa m'munsi mwake. Wa bamboyu anali mtsikana amene analowa m'gulu la achinyamata ali ndi zaka 12, wamanyazi moti sankatha kutchula dzina lake mokweza pamzere. Anamuona akukula, akupita ku koleji, akubwerera ngati membala wamkulu, ndipo anakhala naye pansi madzulo ambiri kumuonetsa mabuku a katundu, kalembedwe ka malipoti, ndi njira yodzudzulira munthu kumbali osamuchotsa ulemu. Nkhani ya mnyamata wa mawailesi uja anamuuza yonse, osadzichepetsera mlandu. Pofika usiku wa satifiketi, mtsikanayo ndiye anali mtsogoleri wa nthambiyo, komanso woyendetsa ndege wosakira, wokhala pa mpando wa kumanzere womwe uja.

Wina angafunse chimene munthu amapindula akafika pamwamba pa makwerero otere. Malipiro palibe. Udindo wa pa phewa ndi wa m'bungwemo mokha, ndipo sum'patsa mphamvu pa msilikali aliyense. Kaliboni kamene amawonjezera pachifuwa n'kakang'ono kuposa chala, ndipo kunja kwa bungwelo n'ngochepa amene angakazindikire. Nayenso bamboyu anadzifunsa funsoli, makamaka akakumbukira Loweruka zonse zimene anamana banja lake, zomwe satifiketi singazibweze. Yankho limene anafikapo silinali lalikulu. Ndege zoposa 500 za bungweli zimagulidwa ndi kukalamba, oyendetsa amabwera ndi kupuma, koma foni ikalira usiku kuti wina wasowa m'mapiri, pamafunika kuti papezeke anthu odziwa chochita. Anthu oterowo sagwa kuchokera kumwamba. Amaumbidwa ndi ena amene anavomera kutsala pansi.

Atatha kupinda mipando, mtsogoleri wachitsikana uja anabwera ndi buku m'manja. "Bwana, Loweruka kuli maphunziro a kusaka, ndipo tilibe munthu wa pa wailesi. Mungabwere?" Bamboyu anacheukira kukhomo kumene mkazi wake anaima atanyamula satifiketi ija kuti isapindike. Mayiyo anapukusa mutu akumwetulira, nati, "Pitani, koma Lamulungu ndi langa." Iye analemba dzina lake m'bukumo, nazimitsa magetsi, natseka chitseko. Panja, ndege ija inali itamangidwa ndi zingwe zake, ndipo podutsa anagwira chingwe chimodzi kuti aone ngati mfundo yake inali yolimba.